Chala Chachikulu cha Bah Donkupar

M'nyumba ya Kong Ibahun, ku Mawlai mumzinda wa Shillong, gitala yamagetsi inali itapachikidwa pakhoma, nthambo yake itakulungidwa. Kumeneko Kong ndi Bah ndi mawu aulemu, ngati mayi ndi bambo. Mwini wake, Bah Donkupar, mwamuna wa Ibahun, adaiimba kuyambira ali mnyamata, m'mahotela ndi m'maukwati, ndipo anthu ankati zala zake zimathamanga ngati madzi a mvula pamatsitso. Koma chiyambireni matenda a m'mutu a mkazi wake, phokoso lililonse linkamulasa mayiyo ngati singano. Dokotala anali atanena kale kuti masiku otsala si ambiri.

Ibahun adapempha chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kumva nyimbo ya kutchalitchi imene malemu bambo ake ankaimba pa gitala yamatabwa ndi zala zokha, chala chachikulu chikuyenda pa nsambo zikuluzikulu, zala zinazo zikutola nyimbo pa nsambo zing'onozing'ono. Ankafuna kuti woimba nyimboyo akhale mwamuna wake. Donkupar adavomera mosaganiza kawiri.

Bah Shemphang, mchimwene wake wa Ibahun, adabweretsa gitala ya malemuwo pamodzi ndi buku la maphunziro limene Shemphangyo adaphunziriramo. Adakhala pakhonde akutafuna kwai, mtedza wa kumeneko wofiiritsa m'kamwa, milomo ili psuu, nanena kuti azibwera masana aliwonse kudzathandiza.

"Yambani tsamba loyamba, alamu. Chala chachikulu chokha, pang'onopang'ono, mpaka chiziyenda chokha ngati mbuzi yodziwa khola lake."

"Tsamba loyamba ineyo? Inu mukuimbitsa ana a Sande sukulu, ine ndinali ndikugwedeza tauni yonse."

"Munkagwedeza ndi magetsi a boma, alamu. Apa palibe chokuza mawu."

Donkupar adaseka, nauza mlamu wakeyo kuti asamavutike kukwera chitunda kubwera kunyumbako. Bukulo adaliika pamwamba pa kabati. M'malo mwake adasaka pafoni mavidiyo a akatswiri, nayamba kutsanzira nyimbo yonse nthawi imodzi. Dzanja lamanzere silidavute. Lamanja, lozolowera kutsina kapulasitiki kokhwatchira nsambo, lidakana. Zala zina zikangoyamba nyimbo, chachikulu chinkaima. Chachikulu chikayenda, zinazo zinkasokera.

Iye sadavomere kuti vuto linali maphunziro. Adaona kuti akatswiri a m'mavidiyo anali ndi zikhadabo zazitali, nati chinsinsi ndi chimenecho. Kudikira kuti zake zikule adakuona kuchedwa, choncho adagula zikhadabo zapulasitiki kusaluni, nazimata ndi guluu wolimba. Shemphang atazindikira, adamuchenjeza kuti nsambo zachitsulo zimakoka mwamphamvu, komanso m'nyengo ya mvula chinyezi chimawoletsa chala pansi pa pulasitiki. Donkupar adangoyankha kuti zala ndi zake.

Ibahun ankamva zonsezi ali pabedi. Tsiku lina adamuitana.

"Bambo a Daphi, bwerani nayo kuno. Ngakhale muzidukiza, ine ndimva. Sindikupita kudansi."

"Ndikupatseni zosapsa? Dikirani pang'ono, amayi. Mudzaimva yonse."

Mayiyo sadaumirire. Adatembenukira kukhoma.

Patangopita masiku ochepa, chikhadabo cha chala chachikulu chidakola nsambo yaikulu, nkuzuka pamodzi ndi chenicheni cha pansi. Chalacho chidatupa, chidatola mafinya, ndipo namwino wa kuchipatala adachimanga bandeji, naletsa kuti chisakhudze chilichonse cholimba. Apa mpamene Donkupar adatsitsa buku lija. Adawerenga tsamba loyamba, naona kuti zonse zolembedwamo zinkafuna chala chomwecho chimene chinali m'bandeji.

Pamene balalo linkauma, Ibahun anali atasiya kale kuzindikira mawu a anthu. Donkupar adakhala pambali pa bedi, nayendetsa chala chake chanthete pa nsambo zikuluzikulu monga mwa tsamba loyamba. Mwana wawo Daphi ankayang'ana nkhope ya mayi ake ngati ingasinthe. Siidasinthe. Ibahun adatsogola m'mawa wina mvula ikuwaza.

Pamaliro, amene adaimba nyimbo ija anali Shemphang. Donkupar adakhala pakati pa amuna anzake, mbale ya kwai ikuyenda m'manja, iye osatengamo. Palibe amene adamudzudzula, ndipo sikudafunikenso kutero.

Akale sadaname: Ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo.