Mazira a Nkhasi mu Mchenga wa Mzikiti

Alhaji Mdala Chilungo anafika kwa Shehe Twaibu Mkwepu itangotha swala, pemphero la masana, nkhope ili ndwii. Ndiye ankamangitsa mzikiti watsopano m'mudzi mwathu, kufupi ndi Shire, ndipo ankafuna uthe Ramadani isanafike. Koma amisiri anali atangokhala, manja lende. Mulu wa mchenga womangira unali utatchingidwa ndi minga, ndipo wotchingayo anali Shehe mwiniwake.

Ine ndinali mwalimu wophunzitsa ana Chisilamu pamadirasa pamenepo. Ndinazimva ndi makutu angawa.

"Asalamu alaikumu, Shehe."

"Wa alaikumu salamu, Alhaji. Mkeka uwu, khalani."

"Zikomo, ndiima. Akuti mwaletsa ntchito?"

"Ndaletsa mulu umodzi wokha," anatero Shehe mofatsa. "Nkhasi yaikira mmenemo. Ndinaiona ikukwera kuchokera kumtsinje, inakumba ndi miyendo yakumbuyo, n'kukwirira bwinobwino."

"Nkhasi! Nyumba ya Allah iime chifukwa cha fulu wa m'madzi? Chabwino. Fukulani mazirawo. Kwathu kuli thadzi likufungatira, tikaliikire."

"Chifundo chimenecho Allah akulipireni, Alhaji, koma angafe. Thadzi limatembenuza mazira, ndi mmene linaphunzitsidwira. Dzira la nkhasi likagona, lagona. Mukangolitembenuza, kamwana kamafera momwemo. Chofungatira chake ndi mchenga ndi dzuwa basi. Mchenga kumtsinje sunathe ayi. Wina ndikatuta ndekha ndi mutu wangawu."

Tinene zoona, vuto silinali mchenga. Alhaji anali asanakanidwepo chibwerere ku Maka, ndiye lero akanidwe pamaso pa amisiri ake?

"Shehe, ndikulemekezeni. Anakuitanani kudzatsogolera swala muno ndine. Nyumba mukugonayo ndi yanga. Mawa minga ikapanda kuchoka, muchoka ndinu."

Shehe anali wokalamba, maso atayamba kale kuchita chidima, ndipo kumene anabadwira kunalibenso wake aliyense. Akanalowera kuti? Ndinafuna kuwanong'oneza kuti, a Shehe, zisiyeni, ndi mazira chabe awa.

Iwo ananyamuka pang'onopang'ono, natenga ndodo yawo, ulendo kumulu kuja. Tonse tinatsatira. Atafika anayala kansalu kawo ka paphewa m'mbali mwa minga ija n'kukhala pansi, dzuwa likuswa mtengo.

"Nyumbayo ndi yanudi, Alhaji, ndipo ndathokoza pondisunga. Makiyi ali pachitseko. Koma pano sindisuntha mpaka tiana titatuluka."

"Mwini wake wa mazirawo ali kuti?" anakalipa Alhaji. "Nkhasi imene mukuiferayi inathawa kalekale! Siibweranso n'komwe kudzawaona!"

"Mwanena zoona, siibweranso," anayankha Shehe. "Nkhuku imalondera mazira ake yokha. Nkhasi imakwirira, n'kupita osacheuka. Mukuganiza kuti imasiyira yani? Awa ndi amana, Alhaji, chinthu chosungitsa, ndipo amene anasungitsidwa mazirawa ndiye Mwini wake wa mzikiti mukumangawu. Ine ndakalamba, ndatsala pang'ono kukaonana naye. Sindikamuuza kuti ndinaphwanya zomwe ankasunga pofuna kumumangira nyumba. Ngati inu mungathe kukamuuza zimenezo, fosholo iyo, yambani ndi pamene ndakhala inepa."