Matabwa a Mlatho wa Kachule

Kalekale, tauni ya Nsanamira isanakhale ndi magetsi a mumsewu, kunali wodi ina yotchedwa Kutsidya. Kuti munthu achoke kumeneko kupita kumsika, kuchigayo kapena kuchipatala, ankawoloka mtsinje wa Kachule pa kamlatho ka matabwa. Njira ina inalipo, koma inali yozungulira kumanda, ulendo wa ola lathunthu.

Khansala wa wodiyo, a Kaliwo, anavutika zaka ziwiri kupempha matabwa okonzera mlathowo. Matabwa anafikadi, a bulugamu, aatali ndi okhuthala, nasungidwa m'sitolo ya khonsolo. Chinatsala n'chakuti khansala asaine, pakuti lamulo linali lakuti ntchito ya m'wodi siyamba popanda dzanja la khansala wake. Koma a Kaliwo anadwala, namwalira m'nyengo yozizira, ndipo wakufa sasaina.

Panafunika chisankho chachibwereza. A bungwe loyendetsa zisankho anati: "Mapepala, mabokosi ndi inki tibwera nazo. Koma Kutsidya kulibe sukulu, kulibe holo. Khonsolo imange chisakasa ndi tizipinda tovotera." M'thumba la khonsolo munali mphepo yokhayokha. Miyezi inapita, mpando uli wopanda munthu. Mankhwala othira m'zitsime sanapite Kutsidya, zinyalala sizinawoledwe, ndipo aliyense ankakumbukira m'mene kolera anakololera anthu kumeneko dzinja lapitalo.

Pakhonsolopo panali anthu atatu: mlembi, Mayi Kamtedza; wosunga makiyi a sitolo, a Gondoloza; ndi kalipentala, Lufeyo Mbendera. Ndisakubisireni, kalipentalayo ndine. Sukulu ndinalekeza Sitandade faivi, choncho mundikhululukire ngati mawu ena akhota. Nkhaniyo ndiyo sindiikhotetsa.

Mayi Kamtedza ndi amene anabwera ndi nzeru. Anati: "Matabwa a mlatho aja tingobwereka. Timangire chisakasa, anthu avote, khansala asaine, kenaka tiphwasule n'kukakhoma pa mlatho. Mvula isanagwe zonse zikhala zitatha." Nzeruyo sinali yoipa. Koma panali chinthu chimene sanatiuze. Opikisana anali awiri: a Mwinjiro, mwini malo omwera mowa, amene mbiri yawo inali yonunkha, ndi a Sambani, aphunzitsi opuma ntchito. Dzulo lake la tsiku lotulutsa matabwa, a Sambani anali atalemba kalata yoti asiya mpikisano chifukwa chotopa ndi kuopsezedwa. Kalatayo ikanawerengedwa, sipakanakhala kuvota, a Mwinjiro akanangopatsidwa mpando, ndipo matabwa sakanatuluka kukamangira chisakasa. Mayi Kamtedza anaiika pansi pa nsalu ya patebulo pawo. Ankati awanyengerere aphunzitsiwo abwerere, wodi isagwe m'manja mwa fisi. Kalata inagona pansi pa nsaluyo masiku asanu ndi atatu.

A Gondoloza poyamba anakana kutsegula sitolo.

"Mayi, malemu anandigwira dzanja kuchipatala. Anati matabwa amenewa asatuluke pokhapokha akupita pa mlatho."

"Nanga malemuwo adzuka kudzasaina?" anatero Mayi Kamtedza. "Tsegulani, achimwene. Kapena makiyiwo akulemerani, tipatse wina?"

"Pepala lili kuti?"

"Pepala ndine."

Anakana kawiri, kachitatu anatsegula, popanda pepala lililonse. Thirakitala itanyamuka ndi matabwa, anakhala pakhomo pa sitolo atagwira mutu, nalumbira kuti kuyambira tsiku limenelo ngakhale msomali umodzi sudzatuluka popanda siginecha ya khansala.

Tsopano za ine. Mwa atatufe, ine ndekha ndinali nditalowapo pansi pa mlatho uja. Ndinabaya thabwa lake ndi chala, chala n'kulowa ngati m'buledi. Chiswe chinali chitamaliza kale ntchito. Ndinkadziwanso kuti chisakasa chikhoza kumangidwa osadula thabwa ndi limodzi lomwe. Ungolisiya lotulukira kumbali, mphepo siliona manyazi. Mayi Kamtedza anandiuza m'maso muli gwa: "Amisiri, musadule ayi." Ndinavomera. Koma kuseri kwa nyumba yanga ndinkakhoma mabokosi a maliro, ndipo matabwa anali atandithera. Ndinayang'ana bulugamu uja, wowongoka ngati nzimbe, mtima n'kundiuza kuti khonsolo ndi ng'ombe yaikulu, ikagulanso ena. Ndinatenga sowo. Pa thabwa lililonse ndinadulapo chidutswa chotalika ngati munthu wogona, zidutswazo n'kumapita nazo kwathu panjinga, ziwiriziwiri.

Chisakasa chinakongola. Tizipinda tinayi, matebulo awiri, denga la udzu. Anthu ankadutsa n'kumati, "Koma a Mbendera ndi katswiri!"

Patapita masiku asanu ndi atatu, a Sambani anapita okha kwa a zisankho kukafunsa chifukwa chake dzina lawo linali likadali pachikwangwani. Nkhani inaphulika. Mayi Kamtedza anaimitsidwa ntchito, a Mwinjiro analengezedwa kuti apambana popanda wopikisana nawo, ndipo mwambo wowalumbiritsa unaikidwa mwezi wotsatira. M'tizipinda tanga tija simunalowe munthu wovota ndi mmodzi yemwe. Munkagona mbuzi.

Apo mitambo inali itayamba kudera. Amuna a Kutsidya anati: "Za siginecha tatopa nazo. Matabwa ali kwathu kuno, mlatho ndi wathu, manja tili nawo." Anaphwasula chisakasa m'mawa umodzi, nanyamula matabwa akuimba, amayi akululutira pambuyo. Ine ndinali pomwepo ndi hamala m'manja. Anayala thabwa loyamba kuchokera pa mzati wina kulinga pa unzake. Silinafike. Anayesa lachiwiri, lachitatu. Nyimbo inazima. Mkulu wina anati, "Akhonsolo anagula aafupi, mbava zimenezi," ndipo onse anavomereza. Ine ndinagwedeza mutu pamodzi nawo.

Mawa lake ndinapita kwa a Gondoloza.

"Achimwene, ndipatseni waya waminga uli m'sitolomu ndikatseke mlatho. Wavunda."

"Pepala."

"Khansala sanalumbire. Asaina ndani?"

"Ndiye dikirani alumbire. Ndinatsegulapo kamodzi popanda pepala, mwaona zimene zachitika. Mukufuna andichotse ngati mayi aja?"

Wayayo ndinkamuona ndi maso anga, mpukutu wathunthu, kuseri kwa mwendo wawo. Anatseka chitseko, nakhoma loko.

Ndikanatha kudula minga ya mthethe n'kukaunjika pa mlathopo. Ndikanatha kuima pamsika n'kukuwa. Koma wina akanafunsa kuti, "Nanga iwe mmisiri, matabwa aja anafupika bwanji?" Ndiye ndinangouza mkazi wanga kuti azidzera njira ya kumanda. Mkazi wanga yekha.

Mvula inagwa kumapiri Lachisanu. Loweruka m'mawa, tsiku la msika, Kachule anadzaza. Mayi wina dzina lake Esinala, mkazi wa a Jailosi, anakwera pa mlathopo dengu la tomato lili pamutu. Amene anaona akuti sipanamveke phokoso lalikulu, kungoti phwa, ngati munthu waponda chikuni chofumbwa. Tomato anayandama. Mwini tomatoyo anapezeka masana, atakodwa m'bango. Anasiya ana atatu.

A Jailosi anabwera kwa ine kudzafuna bokosi. Matabwa amene ndinali nawo anali omwe aja. Ndinapala, ndinakhoma, ndinalandira malipiro. Ponyamula anasisita chivundikiro n'kunena kuti, "Matabwa abwino awa, amisiri."

Papita zaka makumi atatu ndi chimodzi. Mlatho wa Kachule tsopano ndi wa simenti. Atatufe tikadali moyo, ngati n'kukhala moyo kumeneku. Mayi Kamtedza matenda a shuga anawadya maso. A Gondoloza mbali imodzi inafa, amakoka mwendo. Ine manja amanjenjemera, msomali sindingaugwire.

Sabata yatha a Jailosi anatiitanitsa. Tinawapeza pakhonde, atagona pamphasa, atatha thupi; chakudya sichikutsika kukhosi. Anatiuza kuti ana awo asonkha zomangira chiliza cha mayi awo, ndipo ntchito ichitika Loweruka la sabata ino. Kwawo kwa a Jailosi kuli mwambo: ngati pali munthu amene ali ndi mlandu ndi wakufayo, ndiye amathira fosholo yoyamba ya simenti, n'kunena cholakwa chake mokweza pamandapo. Akatero abale amamuthirira madzi m'manja, mlandu n'kuthera pomwepo.

"Fosholo yoyamba imakhala imodzi," anatero a Jailosi. "Ndipo ine mtima wanga watsala pang'ono. Ukwanira munthu mmodzi. Enanu mukalankhule ndi Mulungu wanu. Sankhanani."

Ndinkayesa kuti tiyamba kukankhirana. Sizinatero.

"Ndine," anatero Mayi Kamtedza, nkhope ataloza kumene kunalibe munthu. "Nzeru inali yanga, kalata ndinabisa ine. Ndikanaiwerenga tsiku lomwelo, mlatho ukanakonzedwa mvula isanaganize n'komwe zobwera. Awiriwa ankangotsatira."

"Kutsatira chiyani?" anatero a Gondoloza. "Mukufunabe kukhala bwana ngakhale pa mlandu? Inu munalankhula chabe. Mawu satsegula loko. Ine ndinaswa lonjezo kwa munthu wakufa. Poyenera kutseka ndinatsegula, poyenera kutsegula ndinatseka. Waya uja ndinamusunga mpaka anachita dzimbiri. Mpukutu umodzi, mayi, umodzi wokha!"

"Mwendo umenewo mukafika nawo kumanda?"

"Inu mukawaona mandawo?"

Anakangana ngati ana olimbirana chimanga chowotcha, mpaka a Gondoloza analira. Pamenepo ndinagwada, ndipo ndinanena zimene sindinauzepo munthu, ngakhale abusa. Ndinanena za sowo, za njinga, za mkazi wanga ndi njira ya kumanda. Pomaliza ndinanena za bokosi.

Mayi Kamtedza anati, "Lufeyo, ndinakuuza kuti usadule."

A Jailosi anaingitsa ntchentche imene inkayenda pamphumi pawo. Kenaka anati: "Ndinadziwa. Pomugoneka Esinala ndinaona nambala ya khonsolo m'kati mwa bokosi, ya penti yofiira, pafupi ndi mutu wake. Simunapale bwino, amisiri. Ndinkati mubwera nokha. Ndakhala ndikukupatsani moni zaka zonsezi."

Anatembenukira kukhoma, ndipo mwana wawo wamkazi anatiperekeza mpaka pamsewu osatiyang'ana.

Sitinasankhane. Mayi Kamtedza akuti mtsinje umatsata gwero, ndipo gwero ndi iwo. Komatu iwo ankafuna kupulumutsa wodi ku kolera ndi kwa fisi. A Gondoloza akuti mwayi womaliza unali m'manja mwawo. Komatu iwo anali munthu wamantha, sanapindulepo kanthu. Ine ndikuti ndinadziwa zonse, ndinadyapo, ndinakhala chete. Koma mwina n'chifukwa chomwecho madzi amenewo sayenera kugwera m'manja mwanga, ineyo n'kupita kwathu wopepukidwa, anzanga awiri n'kufa atasenza katundu wawo, chonsecho wanga ndiye wolemera. Nanga akathira wina, a Jailosi adzakhala atakhululukira munthu amene sanaphe mkazi wawo?

Lero ndi Lachitatu. Simenti yagulidwa, mchenga atuta kale, ndipo a Jailosi sangadikire Loweruka lina. Ine mutu waima, n'chifukwa chake ndaibweretsa kwa inu. Musandimvere chisoni poweruza, musandidenso mopitirira. Mwa wobisa kalata, wosunga makiyi ndi wodula matabwa, agwire fosholo ndani?