Njiri ndi Mazira a M'chisoti

Njiri ndi mkazi wake ankagwirizana pa zambiri, koma nkhani imodzi inkawayambanitsa m'mawa uliwonse. Njiri anali wakabaza, ndipo ana ake onse ankadya thukuta la njinga yakeyo. Mkazi wake anamugulira chisoti cholimba chija amati helemeti, koma iye ankakana kuvala. Liuma la Njiri linali lodziwika dera lonselo: akati ayi, ngakhale mvula igwe ya matalala, ayi wakeyo sankasuntha.

"Bambo, chisoti chija mwachisiyanso pamsomali," anatero mkazi wake tsiku lina.

"Mayi, tauonani mutu uwu," anayankha Njiri akudzigogoda pachipumi. "Ndimafukula nawo mizu m'dothi louma la chilimwe. Mutu woterewu ungaope msewu?"

"Chigaza n'cholimbadi, koma zili m'katimo n'zofewa ngati phala. Tengani, ndapota nanu."

Njiri anachitenga kuti mkazi wake akhale chete basi. Atangokhota pakona, anachikoleka pachiwongolero n'kumapalasa mutu uli pamtunda. Ankati chimatentha, chimayabwa, komanso chimam'bisa nkhope moti makasitomala samuzindikira. Kunena zoona, nkhope ya Njiri siinali yoti munthu n'kudandaula ikabisika.

Pasiteji ya akabaza panali Ng'azi, amene ankagulitsa mazira owiritsa. Mazirawo ankawagula aawisi kuseri kwa phiri, ndipo msewu wake unali wamiyala yokhayokha. Wakabaza aliyense amene Ng'azi ankamutuma ankafika nawo ena atasweka, ndiye panali kulongolola tsiku ndi tsiku.

Njiri atatumidwa, anayang'ana chisoti chija n'kuona siponji yam'kati mwake. Anathiramo gaga, anasanjamo mazira, anakulunga ndi kansalu, n'kumanga lamba wake zolimba. Tsiku limenelo mazira onse anafika bwinobwino. Ng'azi anakondwa kwambiri, ndipo kuyambira pamenepo sankatumanso wina.

Njiri anasanduka mlaliki wa chisoti. "Amene anapanga chinthuchi anaganiza, anzanga," ankauza akabaza anzake. "Kunja kolimba, m'kati mofewa. Chigunde pamwala, dzira silimva n'komwe!" Ankalankhula zonsezi dzuwa likumuwomba paliwombo, ndipo palibe tsiku limene anadzimva yekha zimene ankanenazo.

Mbiri inafika kunyumba, ndipo mkazi wake anapsa mtima. "Ndiye kuti mazira a Ng'azi aposa mutu wa bambo wa ana anga?" anafunsa.

"Dzira limasweka, Njiri sasweka."

"Wakutsina khutu ndi mnansi, bambo. Ine ndanena."

Njiri anangoseka n'kukankha njinga yake.

Mvula yoyamba itagwa, madzi anakumba ngalande pakati pa mtsetse wa kuphiri kuja. Njiri ankatsika ndi liwiro monga mwa masiku onse, mazira ali m'chisoti pachiwongolero. Ngalandeyo anaiona mochedwa, ndipo mabuleki onyowa sanagwire. Tayala lakutsogolo linalowamo, njinga inaima njii, koma mwini wake sanaime. Anauluka n'kukagwera mutu pathanthwe.

Odutsa m'njira anamupeza ali chikomokere, magazi akutuluka m'khutu. Chisoti nacho chinali chitagubudukira m'miyala, chitang'aluka pamwamba. Ng'azi atamva anathamangira komweko, ndipo nyama zina zikunyamula Njiri, iye anamasula kansalu kaja kuti aone katundu wake. Dzira limodzi lokha ndi limene linasweka. Ng'azi anachita manyazi, osadziwa kuti akondwe kapena alire.

Kuchipatala, dokotala Kakowa anaitana mkazi wa Njiri. Mayiyo anali atanyamula chisoti chong'alukacho, poti ndi chimene anam'patsa pamodzi ndi nsapato za mwamuna wake. Kakowa anachilandira n'kuyendetsa mlomo wake pamng'alupo.

"Sanavale?" anafunsa.

"Munali mazira, adokotala."

Kakowa anati: "Mayi, sindikunamizani kuti akanavala sakanavulala. Chisoti sichiletsa kugwa, ndipo phewa likanathyokabe. Koma mng'alu uwu ndi mphamvu ya mwala imene yathera m'chisotimu. Amuna anu mphamvu ngati imeneyi aitenga ndi mutu, ndipo ngakhale chigaza chawo chapirira, ubongo wagundika m'kati n'kutupa."

"Achira?"

"Akhala moyo. Zinazo tidikire."

Njiri anakhaladi moyo, ndipo phewa linapola. Koma anabwerera kunyumba ali wina. Mayina a ana ake ankawasokoneza, njira ya kumsika imene ankaidziwa ngakhale atatsinzina inam'sowa, ndipo akaima kanthawi ankamva chizungulire. Njinga anaikweza kudenga, mkazi wake n'kuyamba kuyenda m'minda ya eni kusaka ganyu kuti ana adye.

Chimene chinkamupweteka kwambiri mayiyo n'chakuti liuma lija nalo linapita. Njiri ankavomera chilichonse, ngati kamwana. Mkazi wake, amene kale ankatopa ndi mikangano ya m'mawa, tsopano ankailakalaka, ndipo ankalira kuseri kwa nyumba kuti ana asamuone.

M'mutu mwa Njiri munatsala nkhawa imodzi yokha, ya ulendo umene sanaumalize. Mkazi wake akamabwera kuganyu, ankamupeza atakhala pakhonde akuyang'ana kumsewu.

"Mayi, kodi mazira a Ng'azi aja anafika?"

"Anafika, bambo," ankayankha akutula khasu. "Amene tikudikirabe ndinu."

Phunziro: Chisoti chimateteza chimene chili m'kati mwake, ndiye pokwera njinga muziikamo mutu wanu ndi kumanga lamba. Katundu akasweka mumagula wina, koma ubongo ukavulala kulibe msika wake.