Chidindo cha Bwana Tokunaga

Pali amuna ena amene amatopetsa mkazi popanda kumwa mowa, popanda chibwenzi chamseri, popanda ngakhale kukweza mawu. Noboru Kuramochi anali mmodzi wa iwo, ndipo amene ankalawa kutopetsa kwakeko tsiku ndi tsiku anali mkazi wake Kazue.

Noboru anali atagwira ntchito zaka khumi ndi zinayi pa kampani yaing'ono yosindikiza mabuku ya a Tokunaga, koma mtima wake sunali pa makina. Digiri yake inali ya mbiri yakale, ndipo chimene ankalakalaka chinali kuima m'kalasi, choko chili m'manja. Yunivesite ya mumzinda wathu uno inali ndi maphunziro a madzulo a anthu otere, a digiri kale koma opanda chiphaso cha uphunzitsi. Chaka chimenecho inalengeza kuti ikulemba kalasi ya madzulo komaliza, kuyambira chaka chamawa maphunziro adzakhala a masana okhaokha. Bambo wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, wamwana wa ku pulayimale dzina lake Mio, sangasiye ntchito zaka zitatu kukakhala pa desiki masana. Mwayi unali womwewu basi, ndipo mapepala onse ankayenera kufika ku ofesi ya yunivesite pofika Lachisanu la sabata yotsatira, 5 koloko isanakwane.

Kukonzekera anakonzekera, pamenepo tisamunamizire. Zithunzi anajambulitsa katatu chifukwa tayi inapendekeka. Nkhani yofotokoza chifukwa chimene akufunira uphunzitsi anailemba kakhumi ndi kamodzi, mpaka Kazue anailoweza pamtima. Zonse zinali mu envulopu yaikulu pa tebulo. Chinatsala chinali pepala limodzi: wolembetsa amene ali pa ntchito ankayenera kubweretsa chilolezo cha bwana wake, chosainidwa ndi kudindidwa chidindo cha kampani.

Lolemba m'mawa, Kazue akupakira mpunga ndi nsomba yowotcha m'kabokosi ka chakudya chamasana, anafunsa osacheuka.

"Bambo a Mio, pepala la abwana lija lili pati?"

"Lili m'chikwama."

"Lakhala m'chikwamamo masabata atatu. Likufungatira mazira?"

"Nkhani zoterezi munthu sungangoiyamba ngati ukupempha machesi, mayi a Mio. Zimafuna nthawi yake."

Kazue ankadziwa pamene pankamanga mwamuna wake lilime. A Tokunaga ndi amene anamulemba ntchito chaka chimene makampani sankalemba anthu. Ndi amene analankhula pa ukwati wawo, ndiponso anafika oyamba pa maliro a bambo ake a Noboru. Kuwapatsa pepala limenelo kunali kuwauza poyera kuti ndikukonzekera kukusiyani. Kazue ankamvetsa zimenezo, sanali mkazi wopanda chisoni. Koma kumvetsa sikudinda pepala.

Lolemba madzulo Noboru anabwera ndi yankho lakuti abwana anali atakwinya nkhope, makina ena afa. Lachiwiri abwana anali osangalala kwambiri, apeza oda yaikulu, ndiye sikukanakhala bwino kuwawonongera tsiku. Lachitatu kalendala ya pakhoma inkati ndi tsiku latsoka, losayambira chinthu chachikulu. Lachinayi kalendala inkati ndi tsiku lamwayi, koma kunabwera alendo.

"Akakwiya simungapemphe, akakondwa simungapemphe," anatero Kazue. "Mukudikira nkhope iti? Ali ndi yachitatu?"

"Simukuwadziwa abwana inu."

"Ndikudziwa inuyo, ndipo n'zokwanira."

Lachisanu Kazue anakagula yekha bokosi la makeke a nyemba zotsekemera ku sitolo yabwino ya pafupi ndi siteshoni, lokutidwa bwinobwino, kuti mwamuna wake akhale ndi poyambira nkhani. Noboru ananyamula bokosilo, anafika nalo pakhomo la ofesi ya abwana, anaima, kenako anakhota n'kukaliika pa tebulo la tiyi kuti antchito onse adye. Ati anzake anayamikira kwambiri. Abale inu, nkhani imeneyi anaifotokoza yekha pa chakudya chamadzulo, nkhope ili gwa, ngati munthu amene wachita zanzeru.

Loweruka ndi Lamlungu Kazue anayesa njira zonse. Anati alembe kakalata kakang'ono akasiye pa desiki ya abwana. Noboru anati zimenezo n'zamwano, nkhani yaikulu imafuna pamaso m'pamaso. Anati aimbe foni. Noboru anati foni ndiye mwano woposa. Anati apite limodzi.

"Mukufuna kampani yonse izindiseka kuti ndabwera ndi mkazi kudzandilankhulira?"

"Nanga inu, munthu wofuna kukaima pamaso pa ana makumi atatu tsiku lililonse, mukulephera kuima pamaso pa nkhalamba imodzi yokukondani?"

Noboru anangoyang'ana m'kapu ya tiyi. Kukangana ndi munthu wotere n'kotopetsa kuposa kukangana ndi wolongolola, chifukwa amavomera zonse ndi mutu, mawa n'kuchita zomwezo.

Sabata yomaliza inabwera ndi nkhani ina. A Tokunaga ankakagonekedwa m'chipatala Lachisanu m'mawa kukachitidwa opaleshoni ya bondo, ndipo Lachinayi linali tsiku lawo lomaliza pa ntchito. Kazue anaganiza kuti tsopano moto wafika pa udzu, mwamuna wake adzuka. Koma Noboru anapezamo chifukwa chatsopano, chonona kuposa zonse zija: munthu amene akupita kukang'ambidwa bondo sasenzetsedwa nkhawa zina.

Lachinayi m'mawa Kazue anamuperekeza mpaka pakhomo, anamugwira dzanja la jekete pamene ankavala nsapato.

"Bambo a Mio, sindikuseka. Zaka zisanu mwakhala mukundiuza za uphunzitsi. Ndavomera kuti madzulo onse a zaka zitatu ndizikhala ndekha ndi mwana. Changa ndachita. Chanu ndi mawu asanu okha: bwana, ndikupempha mundidindire pepala ili."

"Lero ndilankhula nawo."

Madzulo atabwera, Kazue anamuchingamira ndi funso lomwelo.

"Ndalankhula nawo," anatero Noboru, n'kulowa kubafa.

Kazue anamva thupi lonse kupepuka. Anaphika nyama imene ankasungira Lamlungu. Popeza nthawi yotumiza pa positi inali itatha, anapempha tchuthi ku sitolo ya mankhwala kumene ankagwira ntchito, kuti mawa akapereke envulopu ija ndi manja ake.

Lachisanu m'mawa, mwamuna atapita ku ntchito ndi mwana ku sukulu, anati awerenge mapepalawo komaliza asanamate envulopu. Pepala la abwana linalimo ndithu. Linali loyera mbee, lopanda dzina, lopanda chidindo. Anaimbira mwamuna wake foni.

"Munati mwalankhula nawo."

"Ndinalankhula nawodi. Ndinalowa mu ofesi, iwo akulongedza. Anandifunsa kuti, pali china a Kuramochi? Ndiye ndinawafunira opaleshoni yabwino."

"Basi?"

"Ankaoneka otopa, mayi a Mio. Ndimaganiza kuti mwina ku yunivesiteko mukawafotokozera bwino, angalole kuti pepala limodzilo libwere pambuyo."

Taonani munthu ameneyu. Kupempha bwana wake wa zaka khumi ndi zinayi kunamukanika, koma kutuma mkazi wake kukapempha alendo kuti aphwanye lamulo anaona kuti n'kotheka.

Kazue anakwera basi, ulendo wa ku kampani, manyazi onse atawasiya kunyumba. Anthu ankamuyang'ana pamene ankadutsa pakati pa makina, ndipo Noboru ankamutsatira pambuyo akuwerama uku ndi uku, kupepesa anzake chifukwa cha chisokonezo. Mayi Onodera, kalaliki wachikulire wa pakampanipo, anamulowetsa mu ofesi ya abwana, anamukhazika pa mpando wa pafupi ndi desiki, n'kumvetsera nkhani yonse.

"Ine ndikanakuthandizani, mayi Kuramochi," anatero mayiyo. "Koma chidindo chili mu sefa ya ndalama, kiyi ali ndi abwana, ndipo abwanawo alowa m'chipinda cha opaleshoni 9 koloko. Chikhala munabwera dzulo."

Mayi Onodera anayesa kuimbira akazi awo a bwana kanayi konse, foni inali yothimitsa. Anaimbira kuchipatala, anauzidwa kuti wodwalayo sadzalankhula ndi munthu mpaka mawa. Kazue anakhala pa mpando uja mpaka 3 koloko, tiyi amene anamupatsa anazizira osamukhudza.

Ku yunivesite anafika 4 koloko itadutsa. Mtsikana wa pawindo anatulutsa mapepala, anawayala, anawerenga limodzilimodzi ndi chala, n'kuima pa pepala loyera lija. Kazue anafotokoza za bondo, za sefa, za kiyi. Anawerama mpaka chipumi chinatsala pang'ono kugunda thabwa la pawindo. Anapempha kuti amudikire mpaka Lolemba lokha.

"Zimenezo n'zovuta pang'ono," anatero mtsikanayo.

Kwathu kuno munthu wa mu ofesi akati n'zovuta pang'ono, usayembekezere china, wakana. Mtsikanayo anabwezera mapepala onse mu envulopu mwaulemu, anaikankhira kwa Kazue ndi manja awiri, n'kupepesa kwambiri. Kazue anatuluka, anakhala pa benchi ya panja, n'kulira ndi mkwiyo, chifukwa zaka zisanu za maloto a m'nyumba mwake zinali zitathera pa pepala limodzi losadindidwa.

Lamlungu anapita onse awiri kukazonda a Tokunaga, atanyamula mapeyala, pakuti ngakhale m'nyumba musakulankhulana, wodwala amazondedwa. Kazue anali atalumbira mumtima kuti satsegula pakamwa. Anapeza mkuluyo atakhala tsonga pa bedi, mwendo uli m'mabandeji. Atatha malonje ndi kufunsana za bondo, a Tokunaga anatsokomola pang'ono, maso ali kudenga.

"A Kuramochi, ndiye kuti za sukulu zija munasintha maganizo?"

Noboru anauma pamene anaimapo.

"Sukulu iti, bwana?"

"Ya uphunzitsi. Mwezi wathawu munaiwala kope limodzi la pepala lachilolezo pa makina okopera. Ndinalitola ine. Ndinalemba dzina langa, ndinadinda, n'kuliika mu dirowa ya pamwamba ya desiki yanga, kudikira kuti mubwere."

Lumbiro la Kazue linathera pomwepo.

"Pepani bwana, mwati mu dirowa? Osati mu sefa?"

"Mu dirowa, mayi. Siikiyidwa n'komwe, mumakhala mapensulo."

Kazue anakumbukira mpando umene anakhalapo Lachisanu kuyambira m'mawa mpaka 3 koloko. Dirowa imeneyo inali pafupi ndi bondo lake, akanangotambasula dzanja.

"Nanga bwanji simunawapatse, bwana?" anafunsa.

"Ndikanayamba bwanji, mayi? Bwana akapatsa wantchito pepala lotere asanapemphe, ndiye kuti akumuuza kuti chitseko ndi icho, tuluka. A Kuramochi ndi munthu wanga, sindikanafuna aganize kuti ndatopa nawo. Lachinayi atalowa mu ofesi ndinati lero ndi lero. Ndinawafunsa kuti pali china, dzanja langa lili pa dirowa. Anati ayi. Ndiye ndinati basi, mwina asankha kukhala nafe." Mkuluyo anatembenukira kwa Noboru. "Zikanandiwawa kukutayani, zimenezo n'zoona. Koma ndimaona mmene mumaphunzitsira antchito atsopano. Mukanakhala mphunzitsi wabwino kwambiri."

Noboru anawerama, ndipo anakhala chiweramire nthawi yaitali. Atadzuka, maso anali ofiira. Kazue anayang'ana amuna awiriwo, wina pa bedi wina chilili, aliyense akupepesa mnzake, aliyense akuti cholakwa n'changa, ndipo anasowa woti amukalipire. Anatenga mpeni n'kuyamba kusenda peyala, kuti manja ake apeze chochita.

Lolemba madzulo Noboru anabwera nalo pepala lija. Analiika pa tebulo. Dzina la a Tokunaga linali lolembedwa bwino ndi inki yakuda, chidindo chofiira chili pambali pake, deti lake la masabata anayi apitawo. Kazue analiyang'ana, kenako anayang'ana mwamuna wake, ndipo kwa nthawi yoyamba anamumvera chisoni choposa mkwiyo, chifukwa munthuyo anali atadziwa tsopano kuti palibe amene anamutsekera njira. Chaka chotsatira kalasi ya madzulo inatsekedwadi. Noboru adakali pa makina mpaka lero.

Ena akamva nkhaniyi amati a Tokunaga nawonso analakwa, akanangotsegula dirowa. Mwina n'zoona. Koma a Tokunaga sindiwo ankafuna uphunzitsi, ndipo bondo lawo linapola, kampani yawo ikuyenda. Wanjala ndi amene amayenera kutuluka kukafuna chakudya, ngakhale nkhope ikuyaka bwanji. Akuluakulu anaona kale anthu a mtundu wa Noboru pamene ankati mbewa ya manyazi inafera ku una.