Waya wa Kuseri kwa Mpando

Panali munthu wina amene anali ndi pikapu yakale, yonyamulira tomato wa alimi kupita naye kumsika. Banja lake linkadyera galimoto imeneyo. Pakhomo pake pankakhalanso mkulu wake, bambo amene anayendetsa mathiraki zaka makumi awiri mpaka matenda anamupha mbali imodzi. Mkono unangolendewera, mwendo ankachita kuukoka. Mkazi wake anali atamwalira, ana analibe, ndiye mng'ono wakeyu anakamutenga kumudzi kuti azimusamalira. Pamenepo anachita bwino, tisamunamizire.

Wodwalayo analibe chochita tsiku lonse. Galimoto ikabwera madzulo ankadzikoka kupita pamene yaima, n'kumaipukuta ndi dzanja lake limodzi lamoyolo. Munthu wokalambira pa chiwongolero sangaone galimoto n'kungoidutsa.

Tsiku lina m'mawa pikapu ija inakana kulira. Mwini wake anapotoza kiyi, inangoti ke-ke-ke, kenako zii. Batire linali litatheratu. Anaitana anansi, anakankha, inalira, ndipo tsiku lonse inayenda bwinobwino. M'mawa mwake, zomwezo.

Anati batire lakalamba, nagula latsopano. Latsopanolo linapirira sabata imodzi, kenako nalonso linayamba kumadzuka lili lakufa. Tomato ankafika kumsika dzuwa lili pamutu, ogula atabalalika kale, ndipo alimi anayamba kudandaula.

Mkulu wake anamuitana. "Mphwanga, batire silikulakwa ayi. Pali china chimene chikumwa moto galimoto ikagona. Pita nayo kwa amisiri a mawaya akaiyeze."

"Achimwene, galimoto iyi ndaimasula n'kuimanga ndekha kangati? Inu zipumulani."

Anali munthu wodzimva, wa mtundu uja woti angalole kusochera tsiku lonse kusiyana n'kufunsa njira.

Anansi nawo anatopa ndi kukankha. M'mawa wina mmodzi wa iwo, thukuta lili kamukamu, anamunong'oneza kuti, "Akulu, galimoto yozimitsa bwinobwino ingatope bwanji itagona? Imeneyi imayenda usiku inu muli mtulo. Ndipo dalaivala wake muli naye pakhomo pomwepa. Kamba amanyera yemwe wam'tola."

Munthu uja anaseka, koma mawuwo anamulowa ngati munga wa kuphazi. Kuyambira tsikulo anayamba kumuona mwanjira ina mkulu wake. Akamapukuta galimoto, iye ankati akuipaka mankhwala. Akamaiyang'ana, ankati ndi nsanje ya munthu amene manja ake sadzagwiranso chiwongolero. Ngakhale malangizo aja anasanduka umboni: anadziwa bwanji kuti moto umatha usiku ngati woumaliza si iye yemwe?

Loweruka lina anaponya mphasa, chikwama ndi ndodo kumbuyo kwa pikapu, namukweza wodwalayo, ulendo wa kumudzi. Atafika, abale anasonkhana kudzafunsa chimene chachitika. Akanatha kunena kuti nyumba yachepa. Akanatha kungokhala chete. Koma anaima pakati pa anthu n'kunena mokweza kuti, "Ndatopa nawo achimwenewa. Akumandikwerera galimoto usiku m'matsenga. Ndi mfiti."

Mkulu wake anangoweramitsa mutu, dzanja lamoyo lija litagwira dzanja lakufalo.

M'mawa mwake batire linadzuka lakufa. Tsiku linalo, chimodzimodzi. Munthu wanzeru akanadzidzimuka pomwepo, koma uyu anati ufiti suona mtunda. Anapirira choncho miyezi itatu, nagulanso batire lachitatu. Alimi atayamba kuitana galimoto ina, m'pamene anagonja n'kupita ku galaja.

Mmisiri wa mawaya kumeneko anali mayi wina wosakonda zolankhulalankhula. Anayeza batire napeza kuti ndi labwino. Analiza injini napeza kuti ikulidzaza bwino. Kenako anazimitsa zonse, anazula kiyi, anatseka zitseko. Anamasula waya mmodzi pa mutu wa batire, n'kuika kababu kakang'ono pakati pa wayayo ndi mutuwo. Kababu kanayaka.

"Mwaona, bambo? Tazimitsa zonse koma moto ukuyendabe. Wakuba ali m'galimoto momwemu."

Anazula mafyuzi mmodzimmodzi, kababu kali chiyakire. Ndiye anayamba kulondola mawaya ndi zala. Anapeza waya wina wofiira amene sanabwere ndi galimoto, wochoka pa batire penipeni, wodutsa pansi pa mphira wopondapo, wokathera kuseri kwa mpando. Kumeneko kunali kabokosi kokweza mawu a wailesi. Atakagwira, kanali kofunda. Anaudula wayayo, kababu kanazima.

"Analumikiza uyu ndani?" anafunsa mayiyo.

Munthu uja anayang'ana pa mfundo ya wayayo pamene panakulungidwa ndi kansanza ka chubu cha njinga. Anakazindikira. Anakulunga ndi iye mwini, masiku ochepa vuto lisanayambe, kuti wailesi izilira mokweza pamsika ngakhale kiyi ali m'thumba. Kabokosiko sikankazima, usana ndi usiku. Ntchito yonse yofufuza sinatenge ndi theka la ola lomwe. Anakhala pansi, pa oyilo pomwepo, ndipo anachita manyazi aakulu.

Tsiku lomwelo anathamangira kumudzi. Anapeza kuti mawu ake anagwira ntchito yake iye kulibe. Abale anali atamusamutsira wodwalayo m'kakhitchini kakale kumapeto kwa mudzi. Ana analetsedwa kum'patsira madzi. Chakudya ankachisiya pakhomo n'kuthawa. Munthu wolephera kudzitembenuza yekha anali atatuluka zilonda mbali yonse yogonera.

Mng'ono wakeyo anaitana abale nati, "Ndinalakwa. Achimwene alibe mlandu. Unali waya, ndipo ndinaulumikiza ndekha."

Azakhali awo anapukusa mutu. "Waya? Iwe wemwe unanena ndi pakamwa pako anthu tonse tikumva. Lero akutembenuza mtima mpaka ukudzinamizira wekha. Ndiye kuti ndi oopsadi."

Mng'onoyo analumbira, analira, anatulutsa wayayo m'thumba n'kuwaonetsa. Palibe anakhulupirira. Nkhani ya mfiti inali itawakoma kale. Ya waya inali yozizira.

Analowa m'kakhitchini muja nagwada. "Achimwene, ndikhululukireni. Tiyeni kunyumba."

Wodwalayo anamuyang'ana nafunsa kuti, "Yachira galimoto?"

"Yachira, achimwene."

"Zili bwino. Koma ine ndisiye konkuno, mphwanga. Batire limakalamba. Tsiku lina lidzathanso, ndiye udzandiyang'ana."

Anakana kukwera. Mng'ono wake ankabwera Loweruka lililonse ndi sopo ndi mankhwala a zilonda, koma zinali zitachedwa. Mvula isanagwe, bambo uja anamwalira. Pamaliro panafika anthu owerengeka, ndipo amuna a m'mudzimo anakana kusenza bokosi la mfiti. Analikweza pa pikapu. Mwini wake anakhala pa chiwongolero, misozi ili chuchuchu, napotoza kiyi. Inalira kamodzi n'kamodzi.

Abale anga, zinthu zikamatha mphamvu pakhomo panu, diso limathamangira kwa munthu wofooka, amene sangathe kudziteteza. Musanatchule dzina la munthu, zimitsani zonse, khalani pansi, mulondole mawaya anu mmodzimmodzi, makamaka amene munalumikiza ndi manja anu. Waya wolakwika amadulidwa mwakamphindi. Koma dzina loipa mukam'patsa m'bale wanu pagulu, simudzathanso kum'vula, ngakhale mutagwada.