Kiyi wa Bwalo la Timu ya Mkokomo

Kudambo la Nkhwali kunali timu ya mpira yotchedwa Mkokomo. Wapampando wake anali Nyani, mkulu wapakamwa amene sankadziwa kulankhula motsitsa mawu. Bwalo limene timuyi inkasewerapo linali la khonsolo, ndipo kiyi wa pageti ankasunga ndi Nungu, mlembi wa khonsoloyo, yemwe mawu ake ankabaya ngati minga yake yomwe. Awiriwa anayambana chifukwa cha udzu.

Mvula itagwa, udzu pabwalopo unafika m'chiuno. Naye Mfuko ndi abale ake anatukula milu ya dothi n'kusiya maenje paliponse.

"Bwaloli ndi lanu a khonsolo, tchetchani!" anakuwa Nyani.

"Mapazi amene amapondapo ndi anu," anayankha Nungu. "Tchetchani ndinu."

Anakokanakokana mpaka Nungu anatopa, n'kukhoma loko pageti. "Mverani a Nyani," anatero. "Timu ya Afisi ya kutsidya ikulifuna bwaloli. Mvula ikamatha mudzasewera nawo pompano, kenako khonsolo idzapereka kiyi kwa timu imodzi basi. Koma udzu ukadzakhala chomwechi, Afisi adzatenga kiyiyo osatuluka n'komwe thukuta."

Nyani anatha milungu iwiri akulalata pageti, koma loko samva chipongwe. Osewera akuluakulu anayamba kuthawa mmodzimmodzi. Woyamba kunyamuka anali Mbidzi, katswiri wogoletsa, amene ankanyada kuti anabadwa atavala kale yunifolomu.

"Miyendo yangayi ndi yomwetsa zigoli, si yaganyu," anatero, n'kuwolokera kwa Afisi.

Amene anatsala ndi Njiri, mphunzitsi wa timu ya achisodzera ya Mkokomo, pamodzi ndi ana amene ankawaphunzitsa. Njiri ankasekedwa m'dambo lonse chifukwa chokonda kugwada, moti ngakhale pakudya ankayamba wapinda mawondo. Ine ndinene pano kuti mwa onse a m'nkhaniyi, amene ndimamugomera ndi iyeyu. Tsiku lina anapita ku ofesi ya khonsolo, n'kugwada pakhomo monga mwa chizolowezi chake.

"Ngati mwabwera kudzapempha kuti muzisewera, bwererani," anatero Nungu, minga ili njo.

"Ayi bwana, sindinabwerere mpira. Ndikupempha kuti muzititsegulira m'mawa, tizitchetcha."

Nungu anadabwa. Chiyambire ntchito anali asanaonepo wa mpira akupempha khasu. "Chabwino a Njiri," anatero. "Koma mwezi wathunthu mpira usagunde pabwalopo, kufikira kapinga atagwira."

Kuyambira tsiku limenelo, dzuwa linkatuluka ana a Njiri ali kale pabwalo ndi zikwakwa. Anatchetcha udzu, anakwirira maenje, anatuta dothi pawilibala n'kubzala kapinga m'malo onse amene panali dazi. Njiri anapita mpaka kwa Mfuko kukagwada, ndipo Mfuko anavomera kusamukira kuseri kwa mpanda. Mizere ya pabwalo anawo anailemba ndi phulusa, poti laimu analibe.

Sikuti anawo ankakondwa nazo. Kaputeni wawo, Gwape, tsiku lina anaponya khasu pansi. "Aphunzitsi, ife tinabwera kudzaphunzira mpira. Kulima tikanatha kulima kwathu."

"Tola khasulo, mwana wanga," anatero Njiri. "Tandiuza, mvula ikagwa madzi amaima pati?"

"Pakona ya kumkuyu. Takwirirapo katatu koma sipakumva."

"Usaiwale zimenezo. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Mwezi utatha anayamba kugunda mpira. Miyendo imene inazolowera kukankha wilibala sinkatopa msanga, ndipo ana amene ankalandirana dothi analibe vuto kupatsirana mpira. Nungu ankabwera kudzatsegula geti, koma m'malo mobwerera ku ofesi ankaima pamthunzi n'kumaonerera. Akamufunsa ankati akuyendera katundu wa khonsolo.

Tsiku la masewero litayandikira, Nyani anagwidwa ndi mantha. Anathamangira kwa Nungu kukapempha kuti awasunthire tsiku, kuti akabwereke osewera kwina. "Tianati mkaka sunachoke m'kamwa," anatero. "Afisi adzatinyenyanyenya pamaso pa dambo lonse!"

"Inu munawaonapo akusewera?" anafunsa Nungu.

Nyani anakanda m'mutu.

"Ine ndawaona m'mawa uliwonse," anatero Nungu. "Tsiku silisintha."

M'mawa wa tsikulo kunagwa mvula yotsanzika, koma masana kunayera, ndipo nyama zinadzaza bwalo mpaka m'mitengo. Afisi analowa akuseka, Mbidzi ali patsogolo. Chigawo choyamba chisanathe, Mbidzi anadumpha ana awiri n'kumwetsa chigoli. Nyani anabisa nkhope m'manja, ndipo kunena zoona tonse tinkaona ngati zatha.

Koma anawo sanagwe mphwayi. M'chigawo chachiwiri Afisi anayamba kupuma mwawefuwefu, malilime ali panja, pamene ana a Njiri ankathamanga ngati angoyamba kumene. Ngakhale Mbidzi anabwerera kumbuyo kukathandiza kutchinga. Komabe chigoli sichinkabwera, ndipo woyimbira mpira anayamba kuyang'ana dzuwa.

Apa Gwape analandira mpira pakati pa bwalo, n'kuumenya mwamphamvu cha kukona ya kumkuyu. Ochemerera anadandaula kuti mwanayo wautaya. Mbidzi anathamanga kukaudikira kutsogolo, kumene mpira wogubuduka ukanafika, koma mpirawo utagwera pa kapinga wonyowa unangoti phwa, n'kuima pomwepo. Gwape anali atadziwa kale zimenezo ndipo sanachepetse liwiro. Anautenga pamene Mbidzi ankaterereka chagada, anaupereka kwa Nyenga, mnzake wamng'ono kuposa onse, ndipo Nyenga anaulowetsa mugolo.

Dambo lonse linagwedezeka ndi mfuu. Wezulo yomaliza inalira matimu atalepherana, chimodzi kwa chimodzi. Maso onse anatembenukira kwa Nungu, poti kiyi anali mmodzi koma wopambana panalibe.

Afisi ndi Nyani anamuzungulira, aliyense akukuwa zake. Afisi ankati iwo ndi akuluakulu, Nyani ankati bwaloli ndi la makolo ake. Koma maso a Nungu anali pabwalo. Kumeneko ana a Njiri, matope ali thupi lonse, anali atatenga makasu awo, akubwezeretsa kapinga amene ziboda za Mbidzi zinazula. Palibe anawatuma, chinali chizolowezi chawo akatha kusewera.

Nungu anadutsa pakati pa okanganawo, n'kupita pamene Njiri anagwada akutsendera dothi. "Dzukani aphunzitsi," anatero. "Lero wogwada ndine." Anapinda mawondo, minga yonse itagona, n'kuika kiyi m'manja mwa Njiri.

Afisi anawoloka mtsinje kubwerera kwawo. Mbidzi anayesa kubwerera ku Mkokomo, ndipo Gwape anamulandira bwino, n'kumupatsa chikwakwa. Nayenso Nyani, atakhala yekha kanthawi pansi pa mkuyu, anadzuka n'kufunsa motsitsa mawu, koyamba m'moyo wake, kuti wilibala amasunga kuti.

Phunziro: Chimene ukufuna kuti akupatse, yamba wachisamala chisanakhale chako. Ndipo usanene kuti mwana sanakhwime iwe usanapite kukaona zimene amachita m'mawa.