Tiyesenji ndi Manda a Pabwalo

Makolo a anthu amene lero akukhala m'tsinde mwa phiri la Mtandamvula sanabadwire kumeneko. Akuluakulu amene anandifotokozera mbiriyi amagwirizana kuti anthuwo anachokera kutali kumadzulo, chilala chitawotcha minda yawo zaka zotsatizana, ndipo amene anawatsogolera anali a Gwirize, mwana wa Nankhoma, mdzukulu wa Chembe wosula makasu. Asananyamuke, a Gwirize anasonkhanitsa mbumba zonse, ndipo anapangana lamulo lakuti mtsogoleri akamwalira, munthu aliyense wamkulu, mwamuna kapena mkazi, adzatola mwala n'kuuika kumapazi kwa amene akumufuna, ndipo mwini mulu waukulu ndiye adzalowe m'malo. Lamulolo silinafunse fuko la munthu. Linangofuna kuti akhale woti anasenza nawo katundu paulendowo.

Atafika pamtsinje wa Msambanjiwa, nthomba inabuka pakati pawo. Odwala anachuluka mpaka ulendo unaima, ndipo anagwirizana kuti ena aoloke akafune malo okhala, ena atsale kudwazika matenda. Mwa otsalawo munali Tiyesenji Namphadwe, mwana wa a Nachisale, mdzukulu wa a Nagama, mkazi wamasiye amene anali ndi mwana mmodzi yekha, mnyamata dzina lake Kamwendo. Tiyesenji ndi anzake anasambitsa zilonda, anatunga madzi, anakumba manda, naikamo amayi ndi ana a anthu omwe anatsogola aja. Mliri utatha nawonso anaoloka, nkhope zawo zili zipsera zokhazokha, ndipo anapeza abale awo atamanga kale midzi ndi kugawana dambo lonse. Iwowo anapatsidwa malo amiyala kumtunda, ndi dzina lachipongwe lakuti Akumbuyo.

Pasanapite nthawi a Gwirize anamwalira, ndipo amuna awiri anafuna mpando. Woyamba anali Kalindiza, mwana wa mlongo wa a Gwirize. Wachiwiri anali Mfuneni, mlenje wofatsa amene sankakonda kukangana ndi munthu. Kalindiza anali bwenzi la amalonda a minyanga ochokera kum'mawa, ndipo iwo akafuna amtengatenga, ankawapatsa anyamata a Akumbuyo posinthana ndi nsalu ndi mikanda. Mwa anyamata amene anapita, palibe amene anabwerako, ndipo mmodzi wa iwo anali Kamwendo. Kalindiza ankadziwa kuti Akumbuyo sadzamupatsa mwala ngakhale umodzi, ndiponso kuti akaphatikizana ndi amene ankafuna Mfuneni, mpando umuphonya.

Choncho anaveka nsalu akuluakulu angapo, ndipo iwo analengeza pabwalo kuti lamulo lasintha: woika mwala akhale yekhayo amene ali ndi manda a mbale wake tsidya lino la mtsinje, pakuti munthu wopanda manda ndi mlendo, ndipo mlendo sasankha mwini dziko. Akumbuyo anali asanaike maliro ngakhale amodzi chifikireni, chifukwa imfa inali itadya kale ofooka awo onse kumtsinje kuja.

Tiyesenji anaimirira pakati pa amuna, osagwada, osaomba m'manja.

"A Kalindiza, mayi anu agona kuti?" anafunsa. "Ndiuzeni pamaso pa anthuwa. Ine ndikudziwa pamene agona, chifukwa anatsirizikira pamiyendo yangayi akutchula dzina lanu, inu mukuthyola bango lomangira nyumba kuno. Tilibe manda tsidya lino chifukwa tinkakumba anu tsidya lija. Mwanditengera mwana, lero mukufuna kunditseka pakamwa kuti mudzatengenso a anzanga?"

Kalindiza anangoti mawu a akuluakulu sabwerera, ndipo anyamata ake anamukankhira Tiyesenji kunja kwa bwalo. Mfuneni analipo, koma anangoweramitsa mutu.

Tsiku losankha litayandikira, a Nachisale, amene anali okalamba kwambiri, anatsikira kuli chete. Kalindiza atamva, anazindikira kuti malirowo akaikidwa, mbumba ya Akumbuyo ikhala ndi manda, chifukwa onse anali pachibale ndi gogoyo mwa magazi kapena mwa ukwati. Tsono anachita chinthu chimene akuluakulu mpaka lero amachinena akulavula malovu pansi: anaika amuna amikondo pakhomo la kumanda, nalamula kuti mtembo ukaikidwe kutsidya kwa Msambanjiwa, ulendo wamasiku ambiri. Adzukulu okumba manda anaopa, nabisa makasu awo. Mtembo unakhala m'nyumba mpaka amayi olira anayamba kukhala panja chifukwa cha fungo.

M'mawa wa tsiku losankha, anthu atadzaza bwalo, Kalindiza ndi Mfuneni atakhala pamipando yawo, anamva nyimbo yamaliro ikutsika kumtunda. Akumbuyo onse anali kubwera, amayi atasenza mtembo wokulungidwa mumphasa, Tiyesenji ali patsogolo ndi khasu paphewa. Sanalowere njira ya kumanda. Analunjika pabwalo penipeni, natula mphasayo pakati pa amuna awiriwo.

"Mwawakaniza amayi malo pakati pa akufa," anatero Tiyesenji, "ndiye agona pano pakati pa amoyo, kuti aliyense wobwera kudzasankha aziwaona. Amene akufuna kundiletsa andibaye, mukhale ndi manda awiri."

Bwalolo linali pathanthwe louma limene ngakhale udzu sunkamerapo. Koma Tiyesenji atagwetsa khasu, thanthwelo linafewa ngati dothi la kudimba, ndipo khasu linalowa lonse mpaka mpini. Amuna amikondo anaima ngati zitsa. Adzukulu aja, manyazi atawagwira, anathamangira makasu awo namuthandiza, ndipo dzuwa lisanafike pamutu a Nachisale anali ataikidwa. Dothi lomaliza litagwa, thanthwe linaumanso monga kale.

Pamenepo Tiyesenji anatola mwala, napita kwa Mfuneni. "Musaganize kuti ndakukondani, a Mfuneni," anatero. "Tsiku lija ankandikankha, inu munkayang'ana zala zanu zakuphazi. Mwalawu ndi wanga, ndipo ndikukubwerekani chabe." Anauponya kumapazi kwake mwamphamvu, ndipo Akumbuyo onse anatsatira, mmodzimmodzi, wina aliyense ndi mwala wake.

Kalindiza anakuwa kuti miyalayo ichotsedwe. Anyamata ake anawerama, koma mwala wosaposa nkhonya ya munthu unawakanika kunyamula, ngakhale atagwirizana angapo. Iye mwini anagwada n'kukoka wa Tiyesenji mpaka zikhadabo zake zinathyoka ndi kutuluka magazi, koma mwalawo sunasunthe. Ataona zimenezi, ambiri mwa oyamba kufika, amene abale awo anaikidwa ndi manja a Akumbuyo, anakaika miyala yawo pamulu womwewo. Mfuneni analowa m'malo mwa a Gwirize, ndipo Kalindiza anachoka ndi amalonda ake m'chilimwe chomwecho, osamvekanso.

Mfuneni anatumiza mbuzi ndi nsalu kwa Tiyesenji, koma iye anazibweza, nati mbuzi sibereka Kamwendo. Chimene anafuna n'chakuti lamulo la a Gwirize lizinenedwa mofuula nthawi iliyonse anthu asanatole miyala, ndipo wolinena akhale wa mbumba ya Akumbuyo. Mfuneni anatuma alenje kum'mawa kukafunafuna anyamata aja, koma anabwerako chimanjamanja. Tiyesenji anakalamba mtima wake usanaphwe. Amati sanadyepo m'nyumba ya aliyense mwa akuluakulu amene anavala nsalu za Kalindiza, ndipo akakumana nawo panjira, ndi iwo amene ankapatuka.

Ana a Nsekanawo, mng'ono wake wa Tiyesenji, ndiwo anapitiriza mbumbayo, ndipo zidzukulu zawo zikulimabe kumtunda komweko. Amene angafike ku Mtandamvula lero adzaonetsedwa thanthwe lalikulu lokhala ndi kamtumbira pakati, ndi mulu wa miyala yaing'ono yomatirira pansi, imene ana oweta mbuzi anatopa nayo kuyesa kuigwedeza. Anthu akumeneko salola mbale wawo kugona m'nyumba tsiku lachisankho, ngakhale wodwala amamubereka kumsana. Wina akanena kuti watopa, kapena kuti voti yake sisintha kanthu, amayi achikulire amamukalipira pamaso pa anthu, namufunsa ngati akudziwa amene anagona pathanthwe paja kuti iye akhale ndi mawu.